Malipiro tinakweza koma anthu akuchokabe pa bekali: ndi ndalama kapena mmene timakhalirana?

NaPhiri_waBuledi

Moni nonse a pagulu lino. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga, lero ndati nane nditule kanga.

Ndine woyang'anira shifiti ya usiku pa bekali ina kuno ku Lilongwe. Dzina lake sinditchula, ntchitoyi ndikuifunabe. Pansi panga pali okanda pa mikisa, oumba, anyamata a ku uvuni, atsikana odula ndi kulongedza, kenako madalaivala amene amafika mbandakucha kudzakweza makireti. Timalowa 8 koloko usiku n'kutuluka cha m'ma 5 m'mawa, magetsi akatikomera mtima. Timapuma Loweruka usiku lokha.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nonse mukudziwa mmene zinthu zinalumphira pa msika. Abwana athu, kunena chilungamo, sanadikire kuti a Labour awagogodere. Pamene boma linkaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 mu 2024, iwo anali atadutsa kale pamenepo, ndipo akwezanso kuchokera nthawi imeneyo. Mwa mabekali a mbali yathu ino, ife tili m'gulu la olipira bwinoko. Malipiro sachedwa, pa 28 foni imalira basi.

Koma anthu sakukhala. Timaphunzitsa munthu, akangodziwa ntchito wapita. Amene wandipweteka mtima ndi mnyamata wathu wa ku uvuni, amene ankangoyang'ana mtundu wa buledi pa galasi n'kudziwa kuti kwatsala mphindi zingati. Anapita ku kabekali kena kakang'ono komwe akulandira zochepa kuposa kuno. Ndinakumana naye mu minibasi, ndinamufunsa kuti iwe, wasiya ndalama yambiri kukatola yochepa, mutu ukuyenda? Anangoseka, amvekere: "Amayi, kumene kuja ndikaweruka ndimagona tulo."

Ndikuuzeni mmene timakhalira kuti mundiweruze bwino. Muli makamera paliponse, ngakhale pakhonde pomwe anthu amasinthira zovala. Abwana amaonera pa foni ali kunyumba, ndiye 2 koloko usiku pa gulu la WhatsApp pamagwa voice note yotchula munthu dzina: uje waima chifukwa chiyani, uje akuseka chiyani. Wailesi analetsa. Kale anyamata ankaimba nyimbo za kwaya akuumba mabanzi, pano umangomva mikisa ndi matini. Tiyi wa usiku anachotsa ati shuga wakwera. Buledi wopindika kapena wopserera pang'ono, amene kale tinkagawana, pano amagulitsidwa kwa munthu wina woweta nkhumba. Potuluka mlonda amasecha aliyense, mpaka kutsegula zikwama za atsikana n'kumatulutsa zinthu zawo zachizimayi anyamata akuona. Batchi (buledi yense wolowa mu uvuni nthawi imodzi) ikapsa, mtengo wake umadulidwa pa malipiro a shifiti yonse, olo chifukwa chake chikhale magetsi. Wochedwa amadulidwanso.

Chimene chinaswa mitima ndi maliro. Mmodzi mwa okanda anataya azakhali ake amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Abwana anati azakhali si mayi, akapita alembedwa kuti wajomba. Anapita, analembedwa, anadulidwa. Palibe anayankhula, koma kuyambira tsiku limenelo abwana akalowa moni amayankhidwa ndi anthu awiri.

Komanso musawaone ngati chilombo. Kuba kunalipodi. Matumba a ufa ankasowa, mafuta ophikira ankatuluka m'mabotolo a madzi, dalaivala wina ankagulitsa makireti panjira n'kumati anagwa. Tirigu ambiri ndi wochokera kunja, ndiye ndi vuto la ndalama zakunjali thumba lililonse ndi magazi. Iwo funso lawo ndi limodzi: "Ndimawalipira bwino, pa nthawi yake, akufunanso chiyani?" Ndipo akandifunsa choncho ine ndimasowa poyambira, chifukwa zimene ndatchulazi chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono.

Ndiye ndikufunseni inu amene mwagwirapo ntchito malo osiyanasiyana. Kodi munthu amakhutira ndi ntchito chifukwa cha envelopu, kapena mmene anthu akukhalirana pamalopo zingapose ndalama? Nanga ine wapakatikati, wolembedwa ngati iwo omwe, ndingachitepo chiyani?

Che_Mussa_Limbe

Achemwali, ine ndine wa mu shopu, zaka zanga zonse ndathera kuseri kwa kauntala ku Limbe kuno, ndiye ndiyankhula mosazungulira. Ulemu sulipira lendi. Munthu amadzuka usiku kusiya ana chifukwa cha ndalama, osati chifukwa cha nyimbo za kwaya.

Mukuti mumalipira bwino. Bwino poyerekeza ndi ndani? Poyerekeza ndi mabekali anzanu, chabwino. Nanga poyerekeza ndi thumba la chimanga, lendi ya ku Mtandire kapena ku Area 36, minibasi kupita ndi kubwera, yunifolomu ya mwana? Kudutsa malipiro otsikitsitsa a boma si chinthu chodzitama nacho, ndalama imene ija imatha mwezi usanafike pakati.

Ndipo taonani bwino zimene mwalembazo. Theka lake ndi ndalama yomweyo yavala chovala china. Kudula batchi yopsa ndi ndalama. Kudula wochedwa ndi ndalama. Tiyi amene anachotsa uja, munthu akugula yekha panjira, ndalama. Buledi wopindika uja anali kadzutsa wa ana kunyumba, pano akugula. Tengani peni muwerengere chimene chimatsala m'manja mwa mnyamata wa ku uvuni uja mwezi umene magetsi avuta, mupeza kuti kabekali kakang'ono kaja kakumupatsa zambiri. Mwinanso ndi kufupi ndi kwawo, akuyenda wapansi. Zoti "ndimagona tulo" wangokulemekezani ngati mayi, sakanakuuzani kuti mumatibera.

Ine ndagwirapo kwa bwana wotukwana kuyambira potsegula mpaka potseka, koma ankalipira ndipo pa Eid ndi pa Khrisimasi ankapereka kenakake. Palibe ankachoka. Ndagwiraponso kwa wina wokoma pakamwa, "mwana wanga, mwana wanga," pa 30 n'kumati bizinesi sinayende. Tonse tinathawa. Ndiye musavutike mutu, auzeni abwanawo asiye kudula, muona.

Anamwino_Leeds

Mayi NaPhiri, pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandifika pamtima. Che Mussa, ndikutsutsani pang'ono, musandikwiyire.

Ine ndidagwira unamwino ndi uzamba m'zipatala za boma kumudzi ndisanabwere kuno ku England. Ubwino wa ntchito ya boma pa mtsutso wanuwu ndi wakuti malipiro ndi amodzi. Namwino wa giredi imodzi, kaya ali ku Nsanje kaya ku Chitipa, sikelo yake ndi yomweyo. Ikadakhala kuti nkhani ndi ndalama yokha, bwenzi zipatala zonse zikutaya anthu mofanana. Koma funsani aliyense amene adagwirapo: m'dera limodzi mumakhala chipatala chimene anthu amalimbirana, ndi china chimene ukangoona dzina lako pa posting umayamba kulemba kalata yopempha transfer katundu usanamange.

Poyamba adanditumiza ku health centre ya kutali, msewu wake nthawi ya dzinja ambulansi inkatitimira. Magetsi kunalibe odalirika, tinkachiritsa amayi ndi tochi wina atagwirizira. Magolovesi ankatha. Nyumba imene adandipatsa inkadontha pakona pomwe panali bedi. Koma a in-charge athu, bambo wina wachikulire, roster ankalemba tonse tili pa tebulo limodzi, aliyense n'kunena tsiku limene ali ndi chinkhoswe kapena ulendo. Usiku wa Khrisimasi ankadzilemba okha. Tsiku lina tidataya mayi chifukwa chotaya magazi atachira. Ndinali ine pa duty, ndinkanjenjemera. Pa msonkhano wounika imfayo sadafunse kuti walakwa ndani. Adafunsa kuti tidachedwa pati: pozindikira, poika dripi, poitana ambulansi? Tidapeza kuti foni ya pachipatala inalibe mayunitsi, ndipo kuyambira pamenepo mayunitsi ankaperekedwa pa handover limodzi ndi makiyi a kabati ya mankhwala. Akuluakulu a ku boma atabwera, amene adaima kutsogolo kutiyankhira ndi a in-charge athuwo.

Kenako ndidasamukira ku chipatala chachikulu cha m'tauni. Magetsi, madzi, sukulu yabwino ya ana, ndalama ya locum (mashifiti owonjezera) pamwamba. Kumeneko ndiye ndidayamba kudwala mutu Lamlungu lililonse madzulo. A matron ankakukalipira pakati pa wodi, odwala ndi magadiyani akumvera. Ukanena kuti mankhwala akuti atha, wolakwa ndiwe wanenawe. Mukudziwa chimene chimachitika pamalo otere? Anthu sasiya kulakwitsa, amasiya kunena. Munthu amalemba BP mu faili asanayeze, kuti bokosi lisaoneke lopanda kanthu. Mantha amabala bodza, ndipo m'chipatala bodza limapha. Kwanuko, mayi, ndikukutsimikizirani kuti buledi wopsa akumubisa pansi pa kireti, akukatulukira ku grocery kwa kasitomala.

Za ndalama sindikukana ayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri adachoka kubwera ku Britain kuno, mawodi kutsala opanda anthu. Mu 2005 boma, mothandizidwa ndi DFID (nthambi ya boma la Britain yoona za chithandizo nthawi imeneyo) ndi Global Fund, lidayamba kuonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zaumoyo. Idathandiza, tidapumako. Koma ine ndidachoka ndalama imeneyo ikulowa kale mu akaunti, chifukwa sidasinthe mmene ndinkamvera ndikamakwera masitepe a wodi ija.

China chimene ndikufuna Che Mussa amve. Mwati kwa bwana wotukwana uja palibe ankachoka. Kusachoka si kukhutira. Kuno kwadzaza ana athu amene adabwera kudzagwira m'ma care home, nyumba zosamalira okalamba ndi odwala, kuyambira 2022. Visa yawo idamangiriridwa kwa amene adawalemba ntchito, ikatha ntchitoyo amapatsidwa masiku 60 kuti apeze wina wowasainira, apo ayi azibwerera. Ndimakumana nawo ku tchalitchi. Ndalama akutumiza kumudzi, nyumba zikumangidwa, koma ena akulira m'basi popita ku shifiti. Manejala wawo akaona kuti palibe wasiya ntchito amati zonse zili bwino. Anyamata anu a pa bekali ali ndi mwayi woti ali ndi luso ndipo khomo ndi lotsegula, n'chifukwa chake inu mukuona vutolo ndi maso.

Aphiri_a_HR

Mayi, ine ndimagwira ntchito yoona za anthu olembedwa pa kampani ina ku Kanengo. Ndiyambe ndi malamulo, chifukwa zina mwatchulazo si nkhani ya mtima wa bwana chabe.

Employment Act ya 2000 imati maola a pa sabata asapitirire 48. Inu 8 usiku mpaka 5 m'mawa ndi maola 9, masiku 6 akukwana 54. Olo tichotsepo kanthawi kopuma, funso ndi lakuti owonjezerawo akulipidwa? Ovataimu ya tsiku wamba ndi ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ya tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma ndi kawiri. Chachiwiri, lamulo lomwelo sililola bwana kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango. Limalola kusalipira nthawi imene munthu sanagwire popanda chifukwa, ndiponso kudula pa katundu amene munthuyo waononga. Koma kudula shifiti yonse chifukwa magetsi anathima buledi ali mu uvuni, ndikufuna ndione bwana akufotokoza zimenezo pamaso pa khoti la za ntchito la Industrial Relations Court. Chachitatu, gawo 60 la lamulo lomwelo limati ngati khalidwe la bwana lafika poti munthu sangayembekezeredwe kupitiriza ntchito, akachoka zimatengedwa ngati wachotsedwa. Zosecha zikwama za atsikana pamaso pa amuna ndi kamera pamalo osinthira zovala, Gender Equality Act ya 2013 ili pafupi kwambiri ndi nkhani zimenezo. Abwana anu akuyenda m'mphepete mwa dzenje asakudziwa.

Tsopano funso lanu lenileni. Che Mussa ndi Anamwino onse akunena zoona, kungoti akuyankha mafunso awiri osiyana. Katswiri wina wa ku America, Frederick Herzberg, cha mu 1959 anafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a ku Pittsburgh kuti afotokoze nthawi imene anasangalala kwambiri pa ntchito, ndi nthawi imene anaipidwa kwambiri. Anapeza kuti mayankho awiriwo sankachokera kumodzi. Zowawitsa mtima zinali malamulo a kampani, kayang'aniridwe, ubale ndi bwana, malo ogwirira ntchito ndi malipiro. Zosangalatsa zinali kuchita bwino chinthu chovuta, kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo ndi kukwera. Tanthauzo lake, ukakonza malipiro wachotsa dandaulo limodzi, koma sunapatse munthu chifukwa chokondera ntchito. Abwana anu anachotsa dandaulo limodzi n'kuonjezera asanu ndi awiri.

Ine maphunziro amenewa ndimawatenga mosamala. Anthu a Herzberg anali a matayi, okhuta. Kwathu kuno munthu amene malipiro ake samufikitsa pa 20, ndalama ili patsogolo, Che Mussa asatsutsidwe pamenepo. Koma pakati pa malo awiri amene akusiyana pang'ono chabe, chimene chimagamula ndi zimene mwalembazo. Pa ma exit interview amene ndimachititsa ndi anthu osiya ntchito, munthu amayamba ndi "ndapeza pena pabwinoko." Ukatseka faili n'kumuperekeza ku geti, m'pamene amatchula dzina la supavaiza.

Abwana otere musawalowere ndi nkhani ya ulemu, adzati mwayamba za mabungwe. Alowereni ndi masamu, chilankhulo chimene amamva. Lembani miyezi imene munthu watsopano amatenga kuti adziwe uvuni, mabatchi amene amaononga pophunzira, maoda amene anabwezedwa, ndi ovataimu ya otsala. Muike pambali pake mtengo wa shuga ndi masamba a tiyi wa mwezi wonse. Musapite ndi zinthu khumi, sankhani ziwiri. Ine ndikanayamba ndi kudula kwa batchi ndi masiku a maliro, zilembedwe pa pepala kuti aliyense adziwe kuti ndi masiku angati ndipo ndi abale ati, kuphatikizapo amene anakulera. Ngati anyamatawo akufuna kulowa union ndi ufulu wawo pansi pa Labour Relations Act ya 1996, a MCTU, bungwe lalikulu la ma union, angawalozere yoyenera. Koma inu monga supavaiza musakhale wonyamula mafomu.

NaPhiri_waBuledi

Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti muyankha mwachangu chonchi.

Che Mussa, ndatenga peni ija. Mwezi umene magetsi anavuta kwambiri, zodulidwa zinadyadi gawo looneka, pamenepo mwagunda. Koma miyezi yabwino mnyamata uja kuno ankatsala ndi zambiri ndithu, ndipo kumene wapitako ndi kutali, akukwera minibasi ziwiri. Ndiye za kuyenda wapansi zija ayi. Chimene ndaona powerengera ndi chakuti munthu sadziwa kuti pa 28 alandira zingati, mpaka foni italira. Ungapangane bwanji ndi alandilodi choncho?

Anamwino, za buledi wobisa pansi pa kireti ndaseka ndekha ngati wamisala, chifukwa sabata yathayi wa grocery wina wabweza makireti awiri. Pamwamba pabwinobwino, pansi makala. Palibe akudziwa amene analongedza, ndipo kamera inaona misana yokha.

Aphiri, ovataimu imalipidwa ikapitirira 5 koloko basi, enawo amati ali m'kati mwa malipiro. Mantha anga ndi awa: woyang'anira shifiti ya masana ndi mlamu wawo wa abwana, ndipo chilichonse chonenedwa pa handover chimakafika kunyumba chitathiridwa mchere. Ndikangoyamba nkhaniyi ndidzatchedwa mtsogoleri wa zigawenga. Kumbali inayi anyamata amandiona ngati maso a abwana, ndikalowa m'chipinda chosinthira nkhani imaduka. Kodi alipo pano amene ali pa bekali penipeni? Ndikufuna kumva kuti kwina kuba amathana nako bwanji popanda kusandutsa aliyense wakuba.

Beka_waNdirande

Amayi, ndilipo. Ndine wa ku uvuni, manja angawa ali ndi zipsera za matini kuyambira pa chigongono kutsika. Ndagwira mabekali angapo mu Blantyre muno, akuluakulu ndi aang'ono.

Anthu amene sanaimepo pa uvuni sadziwa chimene magetsi amachita. Akathima buledi atangolowa kumene, amagwa pakati, sadzukanso. Mtanda umene uli pa thireyi kudikira umapitiriza kufufuma mpaka kusasa. Jenereta ilipo, koma pamalo ena kiyi wake ali ndi bwana, uyambe waimba foni kupempha chilolezo cha dizilo, iye ali mtulo. Pofika poti ayankhe, batchi yapita. M'mawa akudula iwe. Chimene chimawawa si ndalama yokha, koma kuti iwe unaona vuto likubwera, unkadziwa chochita, koma manja anamangidwa.

Pamene ndili pano mwini wake ndi mayi. Musaganize kuti ndi mngelo, amakalipa, pakamwa pake ndi pa moto, ndipo malipiro ake ndi apakatikati. Koma akakalipa amakuitanira ku stoo, ndipo zikatha zatha, mawa sazibwerezanso. Kiyi wa jenereta amakhala ndi wamkulu wa shifiti, timangolemba m'kope nthawi imene tayatsa ndi imene tazimitsa.

Za kuba amachita chonchi. Polowa shifiti timawerenga matumba a ufa, shuga, yisiti ndi mafuta tonse pamodzi, n'kulemba pa bolodi. Thumba la makilogalamu 50 limatulutsa malofu angati, nambala yake tonse timaidziwa, chifukwa tinayesa limodzi iwo ataima pomwepo, osati yongochokera mu ofesi. Potuluka timawerenganso. Zikaperewera timakhala pansi tisanapite kunyumba, aliyense anene. Mwezi ukatha popanda kuperewera pamakhala kenakake ka shifiti yonse. Ndiye wakuba sakubera mayiwo okha, akutibera ife, ndipo timamudziwa msanga kuposa kamera. Mnzathu wina tinamuuza tokha kuti achimwene, botolo lanu la madzi lija likulemera modabwitsa, musiye. Anasiya. Kusecha kulipo, koma atsikana amasechedwa ndi mzimayi mnzawo m'kachipinda, ndipo mwana wa mwini wake akamatuluka naye amatsegula chikwama.

Buledi wopindika ndi wathu, timagawana mofanana, ndipo sizinachititse kuti tizipinda dala monga mabwana ena amaopera, chifukwa akachuluka nambala ya pa bolodi ija siikwana. Bambo anga atamwalira, pikapu ya pa bekali inafika kumudzi ndi nkhuni ndi makireti a mabanzi, anzanga a shifiti atakwera kumbuyo. Bekali ina yaikulu inandiitana chaka chatha ndi ndalama yoposa. Ndinawerengera, ndinakana. Akadzaonjezera kwambiri mwina ndidzapita, ana akukula, sindinama.

Inu musayambe ndi abwana. Yambani ndi zimene zili m'manja mwanu usiku. Voice note ikagwa 2 koloko, yankhani ndinu kuti "ndaona bwana, ndithana nazo," dzina la munthu lisapitirire pamenepo. Batchi ikapsa lembani m'kope nthawi imene magetsi anathima ndi nthawi imene munaimba foni, musainire inuyo. Bolodi la ufa mutha kuyamba mawa popanda kupempha aliyense, ndipo abwana akaona kuti matumba akukwana, ndi pomwe mungatchule za kiyi wa jenereta. Tiyi sonkhani, ketulo imodzi sidula. Anyamata akaona kuti dzina lanu ndi limene likupita kutsogolo zinthu zikavuta, nkhani siidzadukanso mukalowa.

Che_Mussa_Limbe

Chabwino, mwandipanikiza, Anamwino ndi achimwene a ku Ndirande. Za bolodizo ndazikonda, ndikaziyesa pa sitoko ya simenti kuno. Koma ndikuimabe pomwe ndinaima: pikapu ya pa maliro ija inayenda ndi dizilo, ndipo dizilo ndi ndalama.

Achemwali NaPhiri, funso lina lapambali. Malo a mnyamata wa ku uvuni uja munalembapo kale munthu? Ndili ndi mphwanga ku Kawale, MSCE ali nayo, chaka chachitatu chino ali pakhomo. Voice note ya 2 koloko sangaiope, ndipo azakhali ake onse ali moyo. Ndilembereni ku inbox.